Dazi la Injiniya

4 Febuluwale

Achemwali anga okondedwa,

Asalamu alaikumu. Ine kuno ndili bwino kwambiri, moti madokotala akandiona amapukusa mitu podandaula kuti ntchito yawathera. Kaya inu, alamu ndi ana?

Ndalemba kalata chifukwa cha lamulo lanu lija loti ndisakuimbireninso foni. Munati ine ndikaimba, inu mumaika foni patebulo, n'kukachapa, n'kuyanika, n'kubwera kudzandipeza ndikadali pa moni. Limenelo ndi bodza, tsiku limenelo munangochapa, simunayanike. Koma taonani manyazi ake. Munthu amene amakonza mafoni a tauni yonse, amene akuluakulu a matayi amamutchula kuti Injiniya, lero akulemba papepala n'kupatsira adalaivala a lole ya simenti.

Adalaivala omwewo ndi amene andiuza kuti madrasa yanu ya Kurani ija yatsala ndi ana oti akhoza kukwana panjinga imodzi. Akuti ana akaweruka ku pulayimale amadutsa pakhomo panu ngati pali galu wolusa, ulendo wa kumsika ku banda la magemu. Kodi n'zoona? Mundiuze zonse, musabise kalikonse.

Ine sindikudabwa. Inu mumaphunzitsa ngati malemu abambo: chipinda chomwecho, mikeka yomweyo. Mukukumbuka mmene ankachitira? Akamationetsa udhu, kusamba kwa tisanapemphere kuja, kapena swala, mapemphero enieniwo, ankatifulatira, ife kumbuyo tikugawana maswiti. Zaka zisanu ndinaphunzira kwa iwo, nkhope yawo m'kalasi ndinaiona kawiri kokha. Chimene ndinaloweza bwino kuposa sura iliyonse ya m'Kurani ndi dazi lawo. Mphunzitsi wotani wopatsa ana nkhongo? Mwana wa lero amafuna nkhope, kuwala, ndi kabelu kolira akakhoza.

Ndiye mverani. Ana anu akuthawira ku gemu, ife tibweretse gemu ku madrasa. Ine ndikupangirani. Mukangoti inde, pomatha mwezi ana azidzalimbirana pakhomo mpaka mudzafunika wapolisi wa pamsewu. Mwini banda uja adzayamba kugulitsa tomato.

Ndine mlongo wanu mmodzi yekhayo, ndipo wokwanira,
Injiniya

13 Febuluwale

Iwe Wailesi yosazima,

Wa alaikumu salamu. Tili bwino. Alamu ako akupereka moni. Kalata yako inafika yotuwa ndi simenti koma inawerengeka.

Adalaivala sananame. Chaka chatha ndinali ndi ana 31. Lero alipo asanu ndi awiri, ndipo awiri mwa iwo ndi anga, alibe kothawira.

Zimene adalaivala sakudziwa ndi izi. Komiti ya mzikiti inakhala pansi. Amalume, monga wapampando, anandiitana n'kundiuza kuti Loweruka pa 26 Epulo adzabwera ndi akomiti onse. Akufuna adzapeze ana osachepera 20, aliyense apange udhu pampopi iwo akuona, ndipo awerenge masura atatu aafupi. Zikakanika, chipinda cha abambo achisandutsa mosungira mipando ndi matenti, ndipo ana otsalawo azipita ku madrasa ya kumzikiti waukulu, kuwoloka msewu wa magalimoto kawiri patsiku. Ananena mofatsa. Anati ubale uli kunyumba, ku komiti kulibe mwana wa mlongo.

Za gemu yakoyo sindikudziwa. Unandipangirapo firiji yoyendera dzuwa, ndipo pano timasungamo nsapato. Koma ndilibe china chogwira. Ngati ukupanga, panga ya udhu yokha, masura ndiphunzitsa ndekha ndi pakamwa. Dongosolo ndikulembere, poti iwe unali pa maswiti: Bismillahi, manja, m'kamwa, mphuno, nkhope, mikono mpaka m'zigongono, kupaka mutu, makutu, kenako mapazi mpaka mu akakolo. Nthawi zonse kuyambira kumanja. Usaikemo nyimbo.

Dazi la abambo ukuliseka, nanga lako lafika pati? Pamene unabwera chaka chatha sunavule chipewa masiku anayi onse, ngakhale popita kosamba. Anyani amasekana zikundu.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Mwalimu

2 Malichi

Achemwali,

Asalamu alaikumu. Musanatsegule katoniyo khalani pansi, ndipo pafupi pakhale madzi akumwa.

Mulimo matabuleti atatu ndi machaja ake. Anali matabuleti asanu akufa amene eni ake anati nditaye. Ine ndinawagoneka pabenchi langa pansi pa masitepe a sitolo ya nsalu, n'kuwachita opaleshoni masiku asanu ndi limodzi. Awiri anapereka ziwalo, atatu anadzuka. Wachitatuyo anasowa batire, ndiye ndamuikira ya m'foni yanga. Choncho foni ndilibe pakadali pano. Musavutike kuimba, ngakhale ndikudziwa kuti simuimba.

Gemuyo ndaipanga ndi pulogalamu ina yongokoka zithunzi n'kuziika pamalo. Amene anaipanga pulogalamuyo akanakumana nane akanandipatsa mpando wawo. Zojambula pamanja zinandikana, munthu wake ankatuluka ngati nkhanu, ndiye ndinaganiza kuti ana a kwathu akuyenera zabwino zenizeni. Ndinadziikamo ndekha. Atelala amene amasoka pafupi ndi ine anagwira kamera ya foni yawo, ine ndinakhala pampando ndi ketulo ndi beseni, nkhope yonse kuloza kamera. Zithunzi 214, palibe ngakhale chimodzi chimene sindinaoneke bwino.

Kaseweredwe kake n'kosavuta. Mwana amagunda ndi chala pamalo pamene Injiniya akuyenera kusambitsa. Akakhoza, Injiniya amasambitsa pamenepo, amamwetulira, kabelu kamalira, nyenyezi imagwa. Akalakwa, Injiniya amapukusa mutu mwachisoni ndipo madzi a m'ketulo amatsika. Madzi akatha, ayambirenso. Katswiri ndi amene wafika kumapazi ketulo ili yodzaza. Dongosolo ndatsata lanu lija ndendende, kumanja kuyamba. Nyimbo mulibe, ngakhale ndinali nditapeka kale imodzi yokoma.

Pa mutu ndangokankhira chipewa m'mbuyo pang'ono n'kupaka kutsogoloku. Musaganize zina. Chipewacho ndi yunifolomu, ngati ya woyendetsa ndege. Ndipo chimene munachiona chaka chatha si dazi ayi, ndi pamene nzeru zimapumira. Injini iliyonse yamphamvu imakhala ndi potulukira mpweya.

Amalume muwapatse moni, muwauze kuti matenti awo awapezere kwina.

Mundiuze nkhani mwachangu. Ndikufuna kudziwa kuti ndani anayamba kulira ndi chimwemwe.

Injiniya

16 Malichi

Wailesi,

Wa alaikumu salamu. Katoni inafika bwino. Palibe analira.

Tsiku loyamba anali asanu ndi awiri aja. Tsiku lachitatu anali 15. Dzulo ndinawerenga 26, ndipo mikeka inachepa, ndinabwereka ina kwa aneba. Sindinaitane aliyense, nkhani inayenda yokha ku pulayimale.

Ndaika lamulo. Wofuna kugwira tabuleti ayambe wandiwerengera sura imodzi pakhonde, akakhoza alowe akaime pamzere. M'kati muli mizere itatu. Ine ndimakhala pakhonde ndi owerenga, m'katimo ndimangomva kabelu kako. Ana amene chaka chonse ankakakamira pa mzere wachiwiri wa sura yoyamba ya Fatiha, pano aimaliza m'masiku anayi. Mwini banda la magemu anabwera Lachitatu, anasuzumira pawindo, anafunsa ngati ndimalipiritsa. Nditati ayi anapita osatsanzika.

Katswiri ndi kamtsikana ka sitandade 2 kamene anzake amakatcha Kanyerere. Kamafika kumapazi ketulo ili yodzaza nthawi zonse, ndipo kamaphunzitsa anyamata a sitandade 6. Kandifunsa ngati umadya muli m'katimo.

Pampopi sitinayesebe. Madzi anasiya kutuluka sabata ziwiri zapitazo, ndipo otunga kutali sindingawathire pansi ana 26. Akangobwera tiyesa.

Ntchito wagwira. Ndanena kamodzi, usandifunsenso.

Mwalimu

29 Malichi

Wailesi,

Moni. Werenga mpaka kumapeto usanayambe kuyankha.

Madzi anabwera Lachinayi. Ndinatulutsa ana onse kupita kumpopi. Woyamba anali Kanyerere. Anati Bismillahi, n'kutambasula dzanja lamanzere. Ndinati mwina ndi mantha. Wachiwiri, lamanzere. Wachitatu chimodzimodzi. Dzanja lamanzere, mkono wamanzere, phazi lamanzere, onse mpaka womaliza. Ana anga awiri, amene ndinawaphunzitsa ndekha, anayamba bwino, kenako anayang'ana anzawo n'kusintha. Dongosolo lonse salakwitsa ngakhale pamodzi, mbali yokha ndiyo yatembenuka.

Ndinatenga tabuleti n'kukhala pamkeka pamene amakhala iwo. Iwe sunalakwitse, ukuyambadi ndi dzanja lako lamanja. Koma wayang'anizana nawo. Dzanja lako lamanja lili mbali ya kumanzere kwawo, ndipo mwana amatsanzira ngati akudziona pagalasi. Chala chawo chinazolowera kugunda kumanzere kwa sikirini, ndipo iwe ukagundidwa kumeneko umamwetulira n'kugwetsa nyenyezi. Sabata zitatu, kangapo patsiku.

Tsopano ndadziwa chifukwa chake abambo ankatifulatira. Mphunzitsi akafulatira, dzanja lake lamanja limakhala mbali imodzi ndi lamanja la mwana.

Ndawauza, ndawagwira manja mmodzimmodzi. Amavomera. Mawa lake akangosewera, abwerera pomwepo. Kanyerere anandiuza mwaulemu kuti Injiniya sangalakwe chifukwa ali m'makina. Lachisanu ndinabisa matabuleti. Lero Loweruka abwera khumi okha, ndiye ndawatulutsanso. Ndikawabisa, ana sakwana 20. Ndikawatulutsa, onse ndi amanzere.

Ndikudziwa kuti woyamba kumanzere udhu wake suwonongeka, wangosiya suna, kachitidwe ka Mtumiki. Koma amalume sadzabwera kudzakambirana zimenezo. Adzangoona ana 26 akuchita zosiyana ndi zimene iwo achita zaka 60.

Jambulanso zonse utafulatira, kamera ikhale kumbuyo kwako chapamwamba, kuti manja aoneke. Ndipo uvule chipewa. Ana onse akafika pa mutu amakankha chipewa chosaoneka n'kupaka pachipumi. Ndikufuna aone manja akuchoka kutsogolo mpaka kunkhongo ndi kubwerera. Utumize pa kakhadi ka m'foni, ndiika ndekha.

Ndayesa kuimba kawiri, kenako ndakumbuka kuti batire yako ili pano. Ndapatsira adalaivala. Kwatsala sabata zinayi.

Mwalimu

10 Epulo

Achemwali,

Asalamu alaikumu. Kodi muli moyo? Chilandirire kalata yanu ya pa 16 Malichi, yonena za ana 26, sindinamvenso kanthu. Adalaivala nawonso sakuoneka, mwina simenti inatha padziko. Iyi ndapatsira kondakitala wa basi.

Ndaganizira zifukwa za chete wanu ndipo ndapeza ziwiri. Choyamba, ana achuluka moti simupeza pokhala kuti mulembe. Ndikawerengera mmene ankachulukira, pano akuyenera kukhala 300, ena akuphunzirira padenga. Chachiwiri ndi nsanje. Musachite manyazi, zimachitika m'mabanja ambiri mukabadwa munthu ngati ine. Inu zaka khumi ndi choko, ine sabata zitatu ndi ketulo. Ndakukhululukirani kale.

Mawu anu aja oti "ntchito wagwira" ndinawadula ndi sizasi ya atelala n'kuwamata pamwamba pa benchi langa. Kasitomala aliyense amayamba wawawerenga ndisanagwire foni yake. Mmodzi anati sadziwa kuwerenga, ndinamuwerengera katatu.

Kanyerere mumuuze kuti inde ndimadya m'katimo, koma ana akagona. Mwana ameneyo ali ndi diso, adzafika patali.

Panopa ndayamba kukonza gemu yachiwiri, ya swala. Mu imeneyi nkhope ikhala yaikulu kuposa poyamba, chifukwa ndaona kuti nkhopeyo ndi imene ikukoka ana. Atelala akundisokera mkanjo watsopano wojambulitsira. Pa 26 ndikanabwera ndekha kuti akomiti aone munthu weniweni, koma ndikuopa kuti ana angakomoke ndipo mayeso angasokonekere.

Lembani, achemwali, ngakhale mzere umodzi wa nsanje.

Injiniya, bambo wa ana 300

13 Epulo

Mwana wa mlongo wanga,

Asalamu alaikumu wa rahmatullahi. Ndikhulupirira uli bwino. Ife kuno Mulungu akutisunga.

Lachisanu ndinali pampopi wa kumzikiti ndi mdzukulu wanga, amene amaphunzira kwa mlongo wako. Anapanga udhu pamaso pa anthu, kuyambira kumanzere mpaka kumaliza. Nditamudzudzula anandiyankha kuti ine ndi amene ndikulakwa, chifukwa Injiniya amatero. Ndinafunsa kuti Injiniyayo ndi shehe wa kuti. Ananditengera ku madrasa n'kundionetsa pa tabuleti. Ndinapeza kuti ndi iwe, utavala chipewa, ukumwetulira.

Ine za masewera pa zinthu za chipembedzo sindinazikonde kuyambira pachiyambi, koma ndinakhala chete poona ana akubwerera. Akomiti ena akuti tisadikirenso, titseke pano. Ine ndakana. Tinanena pa 26, ndipo pa 26 padzakhala pa 26. Tsiku limenelo ndidzawerenga ana oyamba ndi dzanja lamanja okha. Akapanda kukwana 20, makiyi ndidzatenga.

Bambo ako anaphunzitsa m'chipinda chimenecho zaka 30 opanda magetsi. Palibe mwana wake anandiuzapo kuti ndikulakwa.

Kalatayi ndapatsira kondakitala amene anabweretsa yako. Mlongo wako wapempha malo pansipa.

Ndine malume ako.

Wailesi, zikuoneka kuti kalata yanga ya pa 29 Malichi sinakupeze. Funafuna adalaivala lero lomwe, zonse zili mmenemo. Ana 300 kulibe. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

18 Epulo

Achemwali,

Wa alaikumu salamu. Ndili bwino, koma osati kwambiri ngati masiku onse.

Kalata ya amalume inandipeza Lachiwiri. Ndinatseka benchi n'kuyamba kusaka adalaivala. Ndinawapeza Lachitatu ku galaja ya kuseri kwa depoti, lole ili pamiyala, matayala kulibe, iwo atagona pansi pake ngati mwana woyamwa. Akuti ekiselo inathyoka ndipo sabata zitatu akudikira chitsulo. Kalata yanu inali pa dashibodi, pansi pa makoko a nthochi. Anati ankaganiza kuti ndi moni chabe.

Ndikuuzeni zoona, nditawerenga ndinakwiya. Ndinauza atelala kuti dzanja langa lamanja ndi lamanja kuyambira tsiku lobadwa, ndipo ngati ana a kwanuko sadziwa mbali zawo, mlandu ndi wa aphunzitsi a pulayimale. Atelala anangoitana ana awo awiri amene anali ataweruka kusukulu, n'kuwaimika patsogolo panga, n'kundiuza kuti ndikweze dzanja lamanja ndipo anawo atsanzire. Onse anakweza lamanzere. Ndinati ana a telala anazolowera kuona zovala mopindula. Tinaitana mayi wogulitsa nsalu, munthu wa zidzukulu. Lamanzere. Kenako ndinafulatira n'kukwezanso, atelala akundiuza zotsatira. Onse atatu lamanja.

Ndinakhala pansi. Zaka zonsezi ndinkati abambo ankatifulatira chifukwa sankafuna kuona nkhope zathu zosasamba.

Ndiye panatsala nkhani ya chipewa. Ndinapempha atelala kuti ajambulire chapansi, anati manja saoneka. Ndinati akhale iwo m'zithunzimo, anati ana amadziwa Injiniya, munthu wina sangamukhulupirire, ndipo pamenepo ananena zoona. Ndinapita kuseri n'kudzola polishi wa nsapato wakuda. Zinayenda bwino mpaka pa kupaka mutu. Manja onyowa atadutsa, polishi anatsikira m'khosi, madzi a m'beseni anada, mkanjo watsopano uja unatha ntchito tsiku lake loyamba. Atelala anatsitsa foni yawo.

"A Injiniya," anatero, "kwatsala masiku asanu ndi anayi. Mukubisa chiyani chimene msewu wonse uno unachiona kale? Mukawerama pa mafoni, ife timapesera tsitsi pamenepo."

Ndinasamba ndi sopo katatu. Ndinavula chipewa n'kuchipachika pa makina osokera. Ndinakhala pampando, n'kupatsa kamera nkhongo. Dzuwa litagunda pamutu zithunzi zoyamba zinayera zonse, mpaka atelala anatchinga khomo ndi nsalu. Tinajambula zithunzi 190. Nkhope yanga mulibe ngakhale mu chimodzi.

Poziika mu gemu ndinayamba kuziona bwino. Munthu sadziona kunkhongo, achemwali, ine ndinali ndisanadzionepo. Ndinaona khosi lalifupi, makutu otambasuka, phewa lamanja lotsika pang'ono, ndi dazi lozungulira lopendekera kumanzere. Ndinalidziwa nthawi yomweyo. Ndinaliyang'ana zaka zisanu ndili pamkeka ndi switi m'kamwa. Atelala anafunsa ngati gemu yaima, ndinati ayi, ndikungoyesa batire.

Kumwetulira kulibenso, poti nkhongo simwetulira. Mwana akakhoza, Injiniya amagwedeza mutu. Kabelu ndi nyenyezi zilipo. Kakhadi kali m'kathumba kamene atelala asokerera mu envelopu. Kondakitala ndamuuza kuti akakataya asadzadutsenso msewu uno.

Amalume muwauze kuti ndamva. Zina ndilibe.

Mlongo wanu

27 Epulo

Wailesi,

Asalamu alaikumu. Tili bwino. Ndikulembera mmene zinayendera.

Kakhadi kanafika Lolemba pa 21. Ana ataona gemu yatsopano anaseka mpaka aneba anabwera kudzaona. Anyamata ena ankapukuta sikirini ndi malaya poganiza kuti pali dontho la mafuta. Kanyerere anakana kusewera tsiku loyamba, akuti ameneyo si Injiniya. Ndinamuonetsa wotchi ya pamkono ndi ketulo, anavomera. Tsiku lachiwiri madzi anamuthera kanayi ndipo analira. Lachinayi anafika kumapazi ketulo ili yodzaza.

Masiku onse asanu, akatha kusewera ndinkawatengera kumpopi. Ndinkakhala kutsogolo nditawafulatira, iwo kumbuyo. Sindinkadziwa zimene akuchita kumbuyoko. Mwina ankagawana maswiti.

Dzulo akomiti anabwera asanu ndi mmodzi. Anaika mipando yawo kutsogolo kwa mpopi, amalume pakati, kope pamwendo, makiyi a loko watsopano ali m'thumba la mkanjo, ndinkawamva kulira. Ana anabwera 24. Masura anawerenga onse, awiri mothandizidwa.

Pa udhu anayamba Kanyerere. Anatunga madzi m'ketulo, anayang'ana akomiti, kenako anatembenuza kampando n'kuwafulatira. Mlembi wa komiti anati ndi mwano. Ine ndinati nditembenuze mwanayo, koma amalume anakweza dzanja kuti ndimusiye. Anamufunsa chifukwa chake wawapatsa nkhongo akuluakulu.

"Kuti musasokonezeke mbali, agogo," anatero.

Palibe anaseka. Amalume anaimirira n'kukaima kumbuyo kwake, enawo n'kutsatira. Ana onse 24 anachita chimodzimodzi, ndipo akomiti anaima dzuwa lonse akusuzumira pamapewa a ana. Oyamba ndi dzanja lamanja anali 21. Awiri anayamba lamanzere n'kudzikonza okha, koma amalume sanawawerenge. Mmodzi ndi wamanzere chibadwire, ameneyo tikulimbana nayebe. Chipewa chosaoneka palibe anakankha.

Atatha, amalume anapempha tabuleti. Anaiyang'ana nthawi yaitali osagunda paliponse. Kenako anandifunsa kuti chithunzi cha alamu awo tinachipeza kuti, poti iwo sankalola kujambulidwa. Ndinawauza kuti ndi iwe. Anavula magalasi, anawapukuta, anayang'ananso. Anangoti, "Mutu ndi womwewo. Zam'katimo tiziona."

Chipinda chatsala m'manja mwanga mpaka kutha kwa chaka, kenako adzabweranso. Matenti apita kuseri kwa mzikiti. Amalume aika lamulo loti gemu iliyonse yatsopano aziyamba aiona iwo, ndipo pa Lachitatu lililonse azibwera kudzaiyendera. Mlembi wandinong'oneza kuti dzulo lomwelo madzi anawathera m'ketulo kawiri.

Chinanso, udziwiretu usanabwere. Ana sakukutchanso Injiniya. Akuti Adazi. Ndayesa kuletsa kamodzi, sindinalimbikire.

Batire ndikugulira ina, koma lamulo la foni silinasinthe.

Mwalimu

3 Meyi

Achemwali,

Wa alaikumu salamu. Ndabwerera mwakale, madokotala ayambanso kudandaula.

Ana 21 pa 24. Ndawerengera ndi atelala ndipo tapeza kuti kuchotsa atatu aja, ndiye kuti anakhoza onse. Palibe sukulu padziko imene inafikapo pamenepo. Ndipo muone kuti nkhope yanga inabweretsa ana, nkhongo yanga inawaphunzitsa. Anthu ena mbali zonse ziwiri zilibe ntchito.

Za dzinalo, ndaganiza. Mainjiniya ndi ambiri, mumsewu uno mokha tilipo anayi. Adazi amene ali m'makina ndi mmodzi. Muwauze ana kuti ndalola, koma azitchula mwaulemu.

Gemu ya swala ndayamba kale, yonse chofulatira. Pa kuwerama dazi likudzaza sikirini yonse, atelala akuti tikhoza kusunga magetsi. Pali pamodzi pamene ndaima. Abambo akakhala pansi pomaliza, phazi lamanja ankaliimika bwanji? Ndikukumbuka chidendene chong'ambika, koma zala sindikuzikumbuka. Nthawi imeneyo ndi imene switi inkafika kwa ine. Mundijambulire papepala, kapena mufunse amalume akabwera Lachitatu kudzathetsa madzi.

Chipewa chikadali pa makina osokera. Atelala ayamba kubayamo mapini.

Ndine mlongo wanu,
Adazi, mwana wa Adazi